Chigayo chamudula zala, mwini wake akuti anali waganyu: kodi chipukuta misozi chilipo?

FUNSO

Ndine mayi wa ku Jali, m'boma la Zomba. Mchimwene wanga wamng'ono wagwira ntchito pa chigayo china cha kuno kwa zaka ziwiri. Mwezi watha magetsi atazima, anapisa dzanja m'chigayo kuti achotse chimanga chomwe chinatsekera, magetsi n'kubwera mwadzidzidzi, chigayo n'kulira dzanja lili momwemo. Zala zitatu za kumanja zinaduka, ndipo anagonekedwa ku Zomba Central Hospital. Mwini chigayo analipira galimoto, n'kutipatsa K150,000. Tsopano akuti tipite kwa amfumu tikasainirane kuti nkhani yatha, chifukwa mnyamatayo anali waganyu, analibe kalata ya ntchito, komanso anavulala chifukwa cha kusasamala kwake. Tisaine? Nanga aboma sayendera zigayozi?

YANKHO

Achemwali, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Chachangu ndi ichi: pepalalo musasaine, ndipo mchimwene wanu asasainenso. Ndalama zomwe mwalandira kale sizikukutsekerani njira, ingolembani tsiku lomwe munalandira ndi anthu omwe analipo. Amfumu apatseni ulemu wawo, chifukwa amathandiza kuti anthu okumana pa mjigo umodzi asasungirane chakukhosi. Koma kuwerengera chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ntchito si nkhani ya pabwalo la amfumu. Lamulo linapereka udindo umenewu kwa dokotala ndi kwa Kamishonala woona za chipukuta misozi cha ogwira ntchito, yemwe ali pansi pa Unduna wa Zantchito.

Lamulolo ndi Workers' Compensation Act la chaka cha 2000. Mfundo yake yaikulu anthu ambiri saidziwa, ndipo mabwana ena amene amaidziwa amangoti duu. Munthu akavulala chifukwa cha ntchito yake komanso ali mkati mogwira ntchitoyo, womulemba ntchito ayenera kulipira, kaya wolakwa ndi ndani. Mchimwene wanu sakufunika kuonetsa kuti bwana wake analakwa, ndipo bwanayo sangathawe pongonena kuti mnyamata sanasamale. Zimene zingasokoneze nkhani ndi zinthu monga kudzivulaza dala, kapena kupalamula mwadala kwakukulu ngati kubwera ku ntchito ataledzera. Kuchotsa chimanga chotsekera m'chigayo ndi ntchito imene oyendetsa chigayo aliyense amagwira tsiku ndi tsiku, mwini wake akuona. Palibe angati pamenepo anali kusewera.

Tibwere pa zoti anali waganyu, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera mphwayi. Lamuloli silifunsa ngati munthu ali ndi kalata. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu. Munthu amene amafika m'mawa uliwonse, amauzidwa nthawi yotsegula ndi yotseka, amagwiritsa ntchito makina a bwana, n'kumalandira malipiro kaya pa tsiku, pa sabata kapena pa mwezi, ameneyo ndi wantchito. Waganyu amene lamulo limamusiya panja ndi uja wa apo ndi apo, monga munthu amene mwini chigayo wamuitana tsiku limodzi kuti adzasese pabwalo la kunyumba kwake. Koma wogaya chimanga pa chigayo kwa zaka ziwiri ali pakatikati pa bizinesiyo. Popanda iye ndalama sizikanalowa.

Chomwe chidzafunike ndi umboni, ndipo umboni umafufutika msanga kuposa momwe bala limapolera. Bukhu la kuchipatala lisungeni bwino, mujambulenso tsamba lililonse pa foni. Onani ngati adokotala analembamo kuti anavulala ndi chigayo ali pa ntchito, ndipo ngati sanalembe, apempheni mwaulemu awonjezere mukadzapitanso kukaonetsa bala. Sungani malisiti a mankhwala ndi a mayendedwe, ngakhale a kabaza mulembe m'kope tsiku ndi mtengo wake. Lembani mayina a anthu amene anali pa mzere wa chigayo tsikulo, amayi aja anakuwa ndi amene anamumanga dzanja ndi chitenje. Ngati malipiro ankabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mauthengawo asafufutidwe. Ngati ankalandira pamanja, pali kope lija amalembamo ndowa zogayidwa ndi ndalama za tsiku, ndipo kawirikawiri muli zolemba za mnyamatayo. Wina amene akugwirabe ntchito pamenepo angathe kulijambula. Ajambulenso chigayocho momwe chilili lero, makamaka lamba, pule ndi swichi yoyatsira, chifukwa nkhani ikangofika ku boma, zinthu zimenezi zimakonzedwa usiku umodzi.

Kenako pitani ku leba, ku ofesi ya zantchito ya boma la Zomba. Mwa lamulo, amene ayenera kukanena za ngoziyi ndi bwana. Koma bwana amene akukuthamangitsirani kwa amfumu sindikukhulupirira kuti wakanena, choncho kaneneni nokha, ndipo mchimwene wanuyo apite nawo ngati akutha kuyenda. Musadikire kuti bala lipole kaye, kapena kuti mukolole kaye. Lamulo linaika malire a nthawi yodandaulira, ndipo fayilo yotsegulidwa mochedwa imapatsa bwana mpata wokana zambiri. Pa ofesipo lembani dzina la ofisala amene wakulandirani ndi tsiku limene mwapita. A leba adzaitana bwanayo, adzadzazitsa mafomu a ngozi, ndipo adzakupatsani fomu yoti dokotala adzalembepo. Kutsegula fayilo imeneyi si chinthu choti mupereke kangachepe kwa wina aliyense.

Gawo la dokotala ndi limene limaumba ndalama yonse, nchifukwa chake ndikufuna mulimvetse bwino. Bala likapola ndipo zaoneka kuti dzanja lafika pomwe lingafike, dokotala amayeza kuti munthuyo wataya gawo lalikulu bwanji la mphamvu zake zogwirira ntchito, n'kulemba mwa maperesenti. Lamulo lili ndi ndandanda wa ziwalo, ndipo chala chilichonse chili ndi mlingo wake. Chala chachikulu chimaposa zinzake chifukwa ndi chimene chimathandiza kugwira chinthu, ndipo zimasiyananso ngati chala chaduka pa mfundo yoyamba kapena chonse. Pa tsiku loyezalo mnyamatayo asachite manyazi kapena kudzilimbitsa ngati mwamuna. Anene zonse: ngati zala zotsalazo zaumirira, ngati sakutha kufumbata, ngati khasu likumupulumuka, ngati pachipsera pakuchita dzanzi kapena kuwawa kukazizira. Zimene sananene sizilowa pa fomu, ndipo zimene sizili pa fomu salipira.

Masamu ake ali motere. Munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, amalandira malipiro ake a pa mwezi kuchulukitsa ndi 54. Akamwalira, a pabanja amene ankadalira iye amalandira malipiro a miyezi 42. Akalumala mbali ina, monga mchimwene wanu, amatenga ndalama ya miyezi 54 ija n'kumupatsapo gawo lolingana ndi maperesenti a dokotala. Tingoyerekeza, poti malipiro ake simunanene: ngati ankalandira K100,000 pa mwezi, miyezi 54 ikupereka K5,400,000, ndipo dokotala atalemba maperesenti 30, ndalama yake ndi K1,620,000. Manambala a mchimwene wanu adzakhala ena, koma mukuona nokha kutalika kwake ndi K150,000 ija. Pamwamba pa zimenezi bwana ayenera kulipira zolowa pa chithandizo cha kuchipatala, mankhwala, mayendedwe opita kuchipatala ndi ziwalo zochita kupanga ngati zikufunika, komanso pali malipiro a nthawi imene munthu ali chigonere asanayambe kugwira ntchito. Chenjerani ndi nambala ya malipiro imene bwana adzalembe pa fomu. Kuchepetsa malipiro pa pepala ndi njira yachidule yochepetsera chipukuta misozi chonse. Ngati ankamulipira zochepera malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, auzeni a leba zimenezonso, chifukwa ndi mlandu wina pawokha.

Mafomu akakwana amapita ku ofesi ya Kamishonala ku Lilongwe, kumene amawerengera ndalama n'kuuza bwana kuti alipire kudzera ku ofesiyo. Sindikubisirani, njira imeneyi imachedwa, ndipo mudzayenda maulendo angapo kuchoka ku Jali. Vuto lake lili pa mizu. Lamulo la 2000 linakonza zoti pakhale thumba limodzi limene olemba anthu ntchito onse azisonkhamo, kuti wovulala azilandira kuchokera m'thumbamo. Kwa zaka zambiri thumbali silinayambe kugwira ntchito, moti udindo wonse unatsala pa bwana mmodzimmodzi. Makampani akuluakulu amagula inshuwalansi. Mwini chigayo cha kumudzi nthawi zambiri alibe, ndiye ngozi ikachitika ndalamazo ziyenera kutuluka m'thumba mwake. Nchifukwa chake akuthamangira kuti musainirane. Mwina si munthu woipa mtima, mwina mantha amugwira. Komabe mantha akewo asalipiridwe ndi mnyamata amene adzakhale ndi dzanja limenelo moyo wake wonse. Mufunseni ngati ali ndi inshuwalansi. Ngati alibe ndipo akuti sangathe kulipira pakamodzi, zokambirana za kalipiridwe zichitikire pamaso pa a leba, zilembedwe, osati pansi pa mtengo muli awiri.

Pali njira yachiwiri, ya kukhoti. Kumeneko munthu amasumira bwana chifukwa cha kunyalanyaza ndi kuphwanya malamulo a chitetezo, ndipo khoti limawerengera zimene ofesi ya Kamishonala siiwerengera, monga ululu, kupunduka kwa maonekedwe ndi ndalama zimene munthu akanapeza m'tsogolo. Ndalama zake zimatha kukhala zochulukirapo, koma kumeneko muyenera kuonetsa kuti bwana analakwa, ndipo kusasamala kwa wovulalayo kungachepetse zomwe angalandire. Milandu ya kuvulala ili ndi malire a zaka 3. High Court ili ndi nthambi ku Zomba komweko, ndipo a Legal Aid Bureau, omwe amathandiza anthu osatha kulipira loya, alinso ndi ofesi mumzindamo. Kambiranani nawo musanalandire ndalama yomaliza ya ku leba, kuti akuuzeni momwe njira ziwirizi zimakhudzirana pa nkhani yanu. Ndipo samalani ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala ndi pa makhoti n'kumalonjeza mamiliyoni. Loya aliyense amene mwamusankha akuuzeni molemba gawo limene adzatenge, ndipo mudzaone ndi maso anu pepala losonyeza ndalama yonse imene yalipidwa.

Tsopano za makinawo, chifukwa ndikawerenga momwe mwafotokozera ngoziyi, ndikuona kuti vuto silinayambire m'dzanja la mchimwene wanu. Mota ya chigayo imayenera kuyatsidwa ndi sitata yokhala ndi mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. M'kati mwake muli kachipangizo kamene kamagwirana ndi mphamvu ya magetsi omwewo. Magetsi akazima, kamalekana kokha, ndipo ngakhale a ESCOM atabwezeretsa magetsi, mota siingalire mpaka munthu adinenso batani lobiriwira. Chigayo chimene chimadzuka chokha magetsi akabwera, ndiye kuti sitata yake inaonongeka, kapena wina anailambalala n'kulumikiza mawaya mwachindunji, kapena anapanikiza kachipangizo kaja ndi kamtengo kuti kasamalekane magetsi akafooka. Zimenezi zimachitika kwambiri m'zigayo, m'makina okonolera mpunga a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi m'malo ochekera matabwa a paini wa m'phiri la Zomba, chifukwa sitata yatsopano ndi yodula ndipo makasitomala ali pa mzere. M'dziko limene magetsi amazima pafupipafupi chonchi, makina otero ali ngati msampha wotcheredwa kale, umangodikira wopisa dzanja. Amene amasankha kusakonza sitata ndi mwini wake, osati wantchito.

M'kati mwa chigayo muli timahamala tachitsulo tozungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi, timene timamenya chimanga mpaka chidutse pa sefa. Ngakhale mota itazima, timahamalato timapitiriza kuzungulira kwa kanthawi chifukwa cha kulemera kwake. Choncho pa chigayo choyendetsedwa bwino, munthu asanatsegule chitseko kapena kupisa dzanja, amazimitsa swichi yaikulu ya pakhoma, n'kuikhoma ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba mwake, kenako n'kudikira kuti zonse ziime. Chimanga chotsekera pakhosi pa chigayo amachikankha ndi mtengo. Funsani mchimwene wanu ngati anaphunzitsidwapo zimenezi, ngati swichi yaikuluyo ilipo n'komwe, ndiponso ngati lamba ndi mapule ali ndi chotchinga. Ambiri amachotsa chotchingacho kuti asamavutike lamba akamavuka, ndipo ndi pomwe pamakodwa malaya, zitenje ndi mipango ya amayi odzagayitsa. Mayankho akewo akawanene ku leba momwe alili.

Zonsezi zili m'lamulo lina, Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Limalamula kuti malo ogwirira ntchito alembetsedwe ku boma, kuti mbali zoopsa za makina zitchingidwe, kuti wantchito aphunzitsidwe ndi kuyang'aniridwa, kuti apatsidwe zovala zodzitetezera, komanso kuti pakhale bokosi la chithandizo choyamba. Pamwamba pake pali ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko lino, imene imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka, ndipo mu 2019 Malawi inavomereza mapangano a bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO nambala 155, 184 ndi 187, onse okhudza chitetezo ndi umoyo pa ntchito. Pa pepala zinthu zili bwino ndithu.

Funso lanu loti kodi aboma sayendera ndi lomveka. Oyendera alipo, ali mu nthambi ya chitetezo ndi umoyo pa ntchito ya Unduna wa Zantchito, ndipo ali ndi mphamvu zolowa pa malo a ntchito, kuona makina, kufunsa antchito ndi kuchitapo kanthu pa makina oopsa. Koma ndi ochepa, ambiri amakhala m'mizinda ikuluikulu, ndipo galimoto ndi mafuta oyendera zimavuta. Akayenda amayamba ndi mafakitale ndi maesiteti olembetsedwa. Zigayo za ku Jali, Mayaka, Thondwe, Songani kapena Chingale zambiri sizinalembetsedwe ngati malo a ntchito, moti m'mabuku a oyenderawo mulibe. Mwini chigayo amaonana ndi a khonsolo pa nkhani ya laisensi, amaonana ndi a ESCOM pa nkhani ya mita, koma wofunsa za chotchinga cha lamba sabwera. Ine ndimaona kuti apa boma likuluza mwayi wosavuta: chiphaso cha bizinesi ya chigayo chisamatuluke kapena kuwonjezeredwa popanda wina kuona sitata ndi zotchinga. Pakadali pano chimene chimabweretsa woyendera pa chigayo cha kumudzi ndi dandaulo. Mukapita ku leba, nenani momveka kuti mukupempha kuti makinawo akayenderedwe, ndipo pempholo lilembedwe mu fayilo. Ndikukhulupirira kuti pa chigayocho aikapo kale mnyamata wina, ndipo ngati waya uja sanakonzedwe, nayenso ali pa ngozi yomweyo.

Kwa ena amene akuwerenga ndipo amagwira ntchito ndi makina, mawu awiri a chithandizo choyamba. Panikizani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba, thamangirani kuchipatala. Musathirepo ufa, dothi, petulo kapena mafuta a mabuleki. Chiwalo chodukacho chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, muike m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, ndipo pepalalo mulizike m'madzi ozizira osakhudzitsa chiwalocho ku ayezi. Adokotala ndi amene akaone chomwe chingatheke.

Za ntchito yake, kuvulala sikuthetsa pangano la ntchito. Employment Act ya 2000 imafuna kuti pakhale chifukwa chomveka ndiponso kuti munthu amvedwe mbali yake asanachotsedwe. Ngati bwana wangomuuza kuti asabwerenso, limenelo ndi dandaulo lina loti a leba alimve, ndipo likakanika pamenepo limapita ku khoti loona milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Malipiro a ntchito amene anatsalira, ndi ena onse omuyenera pochoka, asasakanizidwe ndi chipukuta misozi ngati ndi ndalama imodzi.

Dzanjalo musaliiwale pothamanga ndi mapepala. Funsani kuchipatala za mafizo, ndipo azichita zomwe amuuzazo tsiku lililonse ngakhale zikuwawa, chifukwa zala zotsala zikangoumirira m'miyezi yoyambirirayi, kuzifewetsanso kumavuta kwambiri. Mnyamata amene dzulo ankanyamula matumba a makilogalamu 50 ndipo lero akulephera kumanga batani la malaya amatha kukhala chete kwambiri, kusowa tulo, kapena kuyamba kumwa. Muzimuyang'anitsitsa, muzimutenga popita ku maofesiwa, ndipo azidziyankhulira yekha chifukwa nkhaniyi ndi yake.

Ndalama zikadzatuluka zidzakhale mu akaunti ya dzina lake. Abale adzabwera ambiri, ena ndi mavuto enieni, ndipo kukana kudzakhala kovuta. Koma chipukuta misozi chimenechi chimaperekedwa kamodzi kokha. Yambani kukambirana naye panopa, ndalama zisanafike, za ntchito imene angaphunzire kapena geni imene angayambe ndi dzanja limene lilipolo, ndipo amalume ake akhalepo pa zokambiranazo kuti mawu asadzasinthe pambuyo pake.